Tsiku Lomwe Dzuwa Linada ku Madina: Kodi Sayansi Ingayese Zozizwitsa?

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mwini dzuwa ndi mwezi. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, mu Ramadhan timayang'ana kumwamba kuposa miyezi ina yonse. Timafunafuna mwezi kuti tiyambe kusala, timadikira dzuwa lilowe kuti tifutule, timadzuka kudya daku m'bandakucha usanafike. Ndi mwezinso womwe mafoni athu amadzaza ndi mauthenga onena kuti asayansi atsimikizira chozizwitsa chakutichakuti. Makolo timangowatumiza kwa anzathu mosangalala. Koma mwana amene akuphunzira sayansi ku sekondale kapena ku yunivesite amakafufuza, ndipo akapeza kuti uthengawo ndi wabodza, chimene chimagwedezeka mumtima mwake ndi chikhulupiriro cha makolo ake.

Kodi sayansi ingathe kuyesa zozizwitsa ndi zinthu zobisika? Funsoli Asilamu akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 1,000, ndipo mbiri yake ikuyambira pa maliro a khanda.

Imfa ya Ibrahim

M'chaka cha 10 chisamukire ku Madina, Mtumiki (SAW) anataya mwana wake Ibrahim, yemwe anabereka mwa mayi Mariya al-Qibtiyya. Mwanayo anali asanakwanitse zaka ziwiri. Mtumiki anamunyamula akupuma mpweya womaliza, misozi ikutsika, ndipo anakamuika kumanda a Baqi. Tsiku lomwelo kunachitika kadamsana wa dzuwa. Anthu anayamba kunong'onezana kuti dzuwa lada chifukwa cha imfa ya mwana wa Mtumiki.

Maganizo amenewa sanali achilendo. Mitundu yambiri yakale inkaona kadamsana ngati uthenga wa imfa ya munthu wamkulu. Ku Assyria, zaka za m'ma 600 Mneneri Isa (AS) asanabadwe, kadamsana woopsa akaoneka mfumu yeniyeni inkabisala, pampando n'kukhazikapo mfumu yongoyerekezera kuti tsokalo ligwere imeneyo.

Taganizani mwayi umene unali patsogolo pa Mtumiki tsiku limenelo. Akanangokhala chete, Madina yonse ikanagona ikudziwa kuti kumwamba kwachitira umboni utumiki wake. Iye sanatero. Monga akutiuzira Al-Mughira ibn Shu'ba ndi Maswahaba ena m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, anawafotokozera anthu kuti dzuwa ndi mwezi ndi zina mwa zizindikiro za Allah, ndipo kadamsana sabwera chifukwa choti wina wafa kapena wabadwa. Anawapempheretsa maraka awiri ataliatali, raka iliyonse yokhala ndi maruku awiri, nawalamula kuti akaona zoterezi azichita duwa, azimukuza Allah, aziswali ndi kupereka sadaka.

Bambo wofedwa, manda a mwana wake akadali auwisi, anakana chozizwitsa chomwe anthu anamupatsa mwaulere chifukwa sichinali choona. Apa ndi pamene pali maziko a nkhani yathu yonse.

Masamu akonza tsiku

Kodi kadamsanayu anachitika tsiku liti? Olemba mbiri ena akale, kuphatikizapo Al-Waqidi, analemba kuti Ibrahim anamwalira pa 10 mwezi wa Rabi' al-Awwal. Aliyense amene anasalapo Ramadhan angaone vuto pamenepa. Pa tsiku la 10 la mwezi wa Chisilamu, mwezi umakhala waukulu ukuwala madzulo, kutali ndi dzuwa. Kadamsana wa dzuwa amachitika pokhapokha mwezi ukadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa, ndipo izi zimatheka kumathero a mwezi basi, pamene mwezi wakale wafa, watsopano usanaoneke. Sheikh Ibn Taymiyya wa ku Damascus, yemwe anamwalira mu 1328, anaukana mbiri wa Al-Waqidi pa chifukwa chomwechi.

Patapita zaka zina 500, katswiri wa zakuthambo wa ku Egypt, Mahmud Pasha al-Falaki, anawerengera kayendedwe ka dzuwa ndi mwezi chobwerera m'mbuyo. M'kafukufuku wake wa mu 1858 anapeza kuti ku Madina kunaonekadi kadamsana wa dzuwa m'mawa wa Lolemba, pa 27 January 632, lomwe ndi 29 Shawwal chaka cha 10. Kuchokera tsiku limenelo Mtumiki anakhala ndi moyo miyezi inayi ndi theka yokha.

Tione chimene masamu achita pano. Atsimikizira kuti kadamsana amene Maswahaba anasimba anachitikadi. Akonzanso tsiku lomwe wolemba mbiri anaphonya. Kuwerengeraku ndi komwe kunachititsa kuti kadamsana wamkulu wa pa 21 June 2001, amene anadetsa Lusaka masana ndipo kuno ku Malawi tinamuona mbali yake, alengezedwe kukadali zaka zambiri. Komabe masamu omwewo sananene kanthu pa funso loti dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro za ndani. Funso limenelo mulibe mu chiwerengero.

Al-Ghazali ndi bwenzi loononga

Imam Abu Hamid al-Ghazali anabadwa mu 1058 ku Tus, m'dziko lomwe lero ndi Iran, ndipo mu 1091 anapatsidwa udindo wophunzitsa pa sukulu yaikulu ya Nizamiyya ku Baghdad. Mu 1095 anamaliza buku lake la Tahafut al-Falasifa, momwe anatsutsa anthanthi monga Ibn Sina pa mfundo 20. Ambiri amamva kuti Al-Ghazali anali mdani wa sayansi, koma koyambirira kwa buku lomwelo iye anatenga chitsanzo cha kadamsana n'kuchenjeza Asilamu anzake. Anafotokoza kuti akatswiri a zakuthambo amadziwa chimene chimayambitsa kadamsana, nthawi imene adzayambe, kukula kwake ndi kutalika kwake, ndipo umboni wawo ndi wa masamu osakaikitsa. Munthu wotere ukamuuza kuti zimene akudziwazo zikutsutsana ndi Deen, sakaika masamu ake, amakaika Deen. Choncho, anatero Al-Ghazali, woteteza chipembedzo m'njira yolakwika amachipweteka kwambiri kuposa amene akuchithira nkhondo.

Nanga zozizwitsa anaziika pati? M'mfundo ya 17 ya bukulo anapereka chitsanzo cha moto ndi thonje. Tikaika thonje pamoto limapsa, ndipo taona izi kambirimbiri. Chimene maso athu aona ndi chakuti kupsa kumachitika moto ukakhudza thonje. Maso sanaone kuti n'kosatheka kuti zichitike mwanjira ina. Allah ndi amene anaika chizolowezi chimenechi, ndipo Iye angathe kuchiimitsa, monga Surah Al-Anbiya ikusimbira za moto umene sunamutenthe Mneneri Ibrahim (AS).

Ibn Rushd, Qadhi komanso dokotala wa ku Cordoba yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1126 mpaka 1198, anamuyankha m'buku la Tahafut al-Tahafut. Iye anadandaula kuti tikakana kuti zinthu zili ndi zoyambitsa zake zenizeni, ndiye kuti takana kudziwa konse, pakuti kudziwa chinthu ndiko kudziwa chimene chimachichititsa. Dokotala angachiritse bwanji ngati mankhwala alibe mphamvu yodziwika? Koma ngakhale iye sanafune kuti zozizwitsa za aneneri ziziikidwa pa mkangano wa anthanthi, ndipo ankaona kuti chozizwitsa choonekeratu cha Mtumiki wathu ndi Qur'an yomwe aliyense angathe kuiwerenga m'nthawi iliyonse.

Akuluakulu awiriwa anasiyana kwambiri, komabe pali pomwe anakumana. Onse anavomereza kuti chilengedwe chili ndi kayendedwe kokhazikika komwe munthu angakaphunzire, ndipo onse anaona kuti chozizwitsa cha mneneri sichili m'gulu la zinthu zobwerezabwereza. Ma Ulama monga Al-Baqillani, yemwe anamwalira mu 1013, anali atafotokoza kale kuti mu'jiza ndi chinthu chothyola chizolowezi, chobwera pa dzanja la amene akunena kuti ndi mneneri, chomwe otsutsa amalephera kubweretsa chofanana nacho. Sayansi imagwira ntchito poyesa chinthu mobwerezabwereza kuti ipeze chizolowezi chake. Chinthu chomwe chinachitika kamodzi, mwa chifuniro cha Allah, n'kutha, palibe amene angachiitanitse kuti chibwerenso achiyeze.

Amene anayesadi

Izi sizinatanthauze kuti chilichonse chodabwitsa chimene munthu wanena chilandiridwe. Abu Rayhan al-Biruni, wobadwa mu 973 ku Khwarazm, analemba buku la miyala ya mtengo wapatali lotchedwa Kitab al-Jamahir ali ku Ghazni atakalamba. M'nthawi yake anthu ankakhulupirira kuti njoka ikayang'ana mwala wobiriwira wa zumurrud maso ake amaphulika. Al-Biruni anapeza njoka, naizunguliza ndi miyalayo, naiyang'anira kwa miyezi 9, m'nyengo yotentha ndi yozizira. Maso a njokayo sanasinthe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wina wa mtundu wa Aturuki anamubweretseranso mwala womwe ankati ukauika m'madzi umagwetsa mvula. Anauika m'madzi, ndipo mvula sinagwe.

Cha m'ma 1200, Al-Jawbari wa ku Damascus analemba buku lathunthu loulula zinsinsi za akathyali: aneneri onyenga, anthu odzitcha ma Sheikh ochita zodabwitsa, osula golide wabodza ndi asing'anga a m'misika. Anafotokoza mankhwala ndi zipangizo zomwe ankagwiritsa ntchito popusitsa anthu.

Mumzinda womwewo, mu 1305, kunachitika mlandu wochititsa chidwi. Anthu ena a gulu la Rifa'iyya ankalowa pamoto osapsa, namanena kuti ndi karama yosonyeza kuti ali pa choonadi. Ibn Taymiyya anakumana nawo pamaso pa bwanamkubwa wa mzindawo. Iye ankakaikira kuti amadzola mafuta a chule, makoko a zipatso ndi ufa wa mwala wina woteteza khungu ku moto. Choncho anawauza kuti ali wokonzeka kulowa nawo limodzi pamotopo, koma choyamba onse asambe thupi lonse ndi viniga ndi madzi otentha. Mayesowo sanachitike, pakuti eni karamawo sanalowe pamoto atasamba. Wophunzira sayansi aliyense azindikira chimene Sheikh anachita: anachotsa chinthu chimodzi chomwe ankachikaikira kuti aone ngati chodabwitsacho chikhalebe. Ibn Taymiyya sankakana kuti mawalii a Allah amapatsidwa karama. Ankangodziwa kuti munthu amene amaonetsa chodabwitsa nthawi iliyonse imene wafuna, pagulu, kuti apeze ulemu kapena chuma, waika chodabwitsa chakecho pamalo pomwe chingayesedwe.

Kugawanika kwa mwezi ndi chithunzi cha m'mafoni

Tsopano tibwere m'nthawi yathu. Surah Al-Qamar, ya nambala 54, ikuyamba ndi nkhani ya kugawanika kwa mwezi, ndipo Maswahaba monga Abdullah ibn Mas'ud ndi Anas ibn Malik anasimba kuti izi zinachitika ku Makka Hijra isanachitike, Aquraish atapempha chizindikiro. Kwa zaka mazana ambiri Asilamu anakhulupirira nkhaniyi chifukwa cha Qur'an ndi chifukwa cha kudalirika kwa amene anaisimba.

M'zaka zapitazi chithunzi china chakhala chikuzungulira, choonetsa mng'alu wautali pamwezi, ndi mawu oti bungwe la NASA lapeza chipsera cha kugawanikako. Chithunzicho ndi chenicheni. Anajambula ndi oyenda m'mlengalenga a Apollo 10 mu 1969, ndipo chikuonetsa ngalande yotchedwa Rima Ariadaeus. Koma ngalandeyi ndi yotalika makilomita pafupifupi 300, pamene kuzungulira mwezi wonse ndi makilomita pafupifupi 10,900. Ngalande zotere zilipo zambiri pamwezi, ndipo iyi inapangika nthaka itatitimira pakati pa ming'alu iwiri kalekale, anthu asanakhaleko. Mu 2010 wasayansi wa ku NASA atafunsidwa anayankha kuti palibe umboni wa sayansi woti mwezi unagawikapo n'kulumikizidwanso.

Kodi ndiye kuti chozizwitsacho chatsutsidwa? Ayi. Amene ali ndi mphamvu yogawa mwezi ali nayonso mphamvu youbwezeretsa osasiya chipsera. Koma tikatero tiyeneranso kuvomereza mbali inayo moona mtima: ngati kusowa kwa chipsera sikungatsutse, ndiye kuti sitingauzenso munthu kuti sayansi yatsimikizira. Sitingathawire kunja kwa bwalo la mayeso zikativuta, n'kubwereranso m'bwalomo kukatola chikho. Chikhulupiriro chathu pa nkhaniyi chaima pomwe chinaima cha makolo athu, pa mawu a Allah ndi umboni wa Maswahaba.

Momwemonso ndi mphekesera yoti Neil Armstrong anamva adhana ali pamwezi n'kulowa Chisilamu. Inafala kwambiri moti mu 1983 unduna woona za maubale a kunja wa dziko la America unatumiza uthenga ku maofesi a akazembe ake woitsutsa. Mpaka lero ena amailalikirabe. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo: bodza lotere likaululika, amene amanyozeka ndi Deen yomwe timafuna kuikometsa. Izi ndi zomwe Al-Ghazali anachenjeza zaka 900 zapitazo.

Pemphero pa sikelo

Alipo asayansi amene anayesapo kuyeza pemphero lenilenilo. Kafukufuku wamkulu anatuluka mu 2006 ku America, wotsogoleredwa ndi Dr Herbert Benson wa ku Harvard. Anatenga odwala 1,802 ochitidwa opaleshoni ya mtima m'zipatala 6, nawagawa patatu. Gulu loyamba linapemphereredwa ndi magulu a Chikhristu koma silinkadziwa ngati likupemphereredwa, lachiwiri silinapemphereredwe ndipo nalonso silinkadziwa, lachitatu linapemphereredwa ndipo linauziridwatu. Mavuto a pambuyo pa opaleshoni anapezeka mwa odwala 52 pa 100 aliwonse m'gulu loyamba, 51 m'gulu lachiwiri, ndi 59 m'gulu lachitatu.

Kafukufukuyu anayankha funso limodzi momveka bwino: pemphero siligwira ntchito ngati mapiritsi, oti ukapereka mlingo wakuti upeza zotsatira zakuti. Msilamu sadabwa nazo. Tinaphunzitsidwa kuti duwa imayankhidwa m'njira zitatu: munthu amapatsidwa chomwe wapempha, kapena chimasungidwira tsiku lomaliza, kapena amachotseredwa choipa cholingana nacho. Ziwiri mwa njira zimenezi palibe chipatala chomwe chingaziwerenge. Duwa ndi pempho la kapolo kwa Mbuye wake yemwe amasankha Yekha. Chifukwa chomwecho, tsiku lina kukadzatuluka kafukufuku wooneka ngati akutikomera, tisadzathamange kunena kuti duwa yatsimikiziridwa.

Koma pali zonena zina zomwe ziyenera kuyesedwa chifukwa pali miyoyo ya anthu. Mu January 2007 mtsogoleri wa dziko la Gambia, Yahya Jammeh, analengeza kuti angathe kuchiza Edzi ndi zitsamba pamodzi ndi mapemphero, atanyamula Qur'an m'manja. Odwala anauzidwa kusiya ma ARV. Mkulu wa United Nations m'dzikomo atakaikira poyera anathamangitsidwa. Jammeh atachoka pampando mu 2017, komiti yofufuza zoona inamva umboni woti ena mwa odwalawo anamwalira. Kuno kwathu akuluakulu akukumbukira chaka cha 1995, pamene khwimbi la anthu linakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe, yemwe ankati anauona kumaloto. Edzi sinathe. Mawu oti mankhwala awa amachotsa kachilombo m'magazi ndi mawu omwe makina oyezera magazi angawatsimikize kapena kuwatsutsa, kaya wowanenayo wagwira tasbih kapena Baibulo. Kupempha kuti ayesedwe si kuchepa kwa imani. Ndi zomwe anachita Al-Biruni ndi njoka yake, ndi Ibn Taymiyya ndi viniga wake.

Zomwe mbiriyi ikutisiyira

Tikaisonkhanitsa mbiri yonseyi, tikuona kuti zonena za chipembedzo zokhudza zodabwitsa zili m'mitundu itatu, ndipo sayansi imafika mosiyana pa mtundu uliwonse.

Mtundu woyamba ndi wa zonena zoti chakuti chimachitika nthawi zonse: mwala uwu umagwetsa mvula, madzi awa amachiza matenda akuti, munthu uyu sapsa pamoto, chithumwa ichi chimabweza chipolopolo. Izi zimayesedwa, ndipo Ma Ulama athu anaziyesa.

Mtundu wachiwiri ndi wa nkhani za m'mbiri zomwe zinasiya mapazi m'chilengedwe, monga kadamsana wa ku Madina. Apa sayansi imathandiza: imatsimikizira kuti chinthu chinachitika, kapena imakonza tsiku lomwe wosimba anaphonya. Tiilandire ikatikomera, tiilandirenso ikatikonza.

Mtundu wachitatu ndi wa mu'jiza wa aneneri ndi zobisika: angelo, Isra ndi Mi'raj, moyo wa m'manda, Laylatul Qadr yomwe timaifunafuna m'masiku khumi omaliza a Ramadhan. Izi sizibwerezedwa mwa lamulo la munthu ndipo sizisiya chopimidwa. Sayansi ilibe chida chozitsimikizira kapena chozitsutsira. Wasayansi amene anganene kuti makina ake asonyeza kuti kulibe angelo walankhula zopitirira makina akewo. Mlaliki amene anganene kuti makina asonyeza kuti angelo alipo wachitanso chimodzimodzi. Ndime zoyambirira za Surah Al-Baqarah zikutchula kukhulupirira zobisika ngati khalidwe loyamba la anthu oopa Allah, ndipo chinthu sichikhalanso chobisika ngati chingaikidwe pa sikelo.

Kwa inu ophunzira: pitirizani kufunsa umboni, ndipo musaganize kuti potero mwatuluka m'njira ya Deen. Muli m'njira ya Al-Biruni, Al-Ghazali ndi Ibn Rushd. Phunziraninso kuzindikira funso lomwe chida chanu chingayankhe ndi lomwe sichingayankhe. Kwa ife makolo ndi aphunzitsi a m'madrasa: Surah Al-Hujurat ikutilamula kufufuza nkhani tisanaichitepo kanthu. Uthenga woti asayansi atsimikizira ukafika pafoni, tidzifunse kuti asayansi ake ati, analemba kuti, chaka chanji. Ngati yankho palibe, uthengawo uthere pa ife. Mwana akabwera ndi funso lovuta, tisamutseke pakamwa pomutcha wopanda chikhulupiriro. Timufotokozere mmene Mtumiki (SAW) anayankhira anthu a ku Madina dzuwa litada, kenako tikhale naye pansi tifufuze limodzi.

Allah atipatse kuzindikira kopindulitsa, atiteteze ku bodza ngakhale looneka lokometsa Deen, ndipo alandire kusala kwathu ndi mapemphero athu a usiku. Ameen.